Pokwirira Mchombo wa Edesi

Ndinachoka kwathu Edesi ali wofiira, mchombo wake utangogwa kumene. Kwathu mchombo sitimataya paliponse. Timaukwirira pakhonde la nyumba ya make wa mwana, pamene pamagwera madzi a denga, kuti mwanayo akhale ndi kwawo, ndipo ngakhale adzayende bwanji miyendo idzamubweze. Amayi anali atatenga kale kakhasu kawo. Koma Lufeyo, bambo wa mwanayo, analankhulira kuseri kwa nkhokwe, poti mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake.

"Uwauze amayi asavutike," anatero. "Ine za chikamwini ayi. Ndikukutenga, tikakhala kwathu. Mchombowo tikakwirira pakhonde la nyumba yaikulu."

Amayi sanayankhe iye, anayankha ine. "Munda sapita nawo pamutu. Ukachoka ndipatsa mng'ono wako."

"Mpatseni," ndinatero.

Sukulu ndinali nditaisiya chaka chomwecho, yunifolomu itakana kutseka, ndipo mudzi wonse unazolowera kundiyang'ana pamimba. Ndinkafuna kwina kumene anthu angandiyang'ane kumaso. Komanso nyumbayo ndinkaidziwa kale. Lufeyo ankaijambula pansi ndi kamtengo nthawi imene ankandifunsira. Inali pamwamba pa chitunda, kumapeto kwa msewu wa mitengo ya bulugama. Khonde lake linkazungulira nyumba yonse, la mizati yoyera, lotakasuka moti ngolo ikhoza kutembenukirapo. Ankati mzungu wa fodya amene anaimanga, pobwerera kwawo, anaisiya m'manja mwa agogo ake.

"Masitepe ake," ankatero, "ukakwera utasenza nkhuni, umakafika pamwamba utaiwala kuti unasenza." Ine n'kumaseka. Kenako ankaloza mbali ya kum'mawa. "Ima apa. Ichi ndi chipinda cha ana. Dzuwa limayamba lapereka moni muno lisanapite kwa anthu ena."

Ndinakulunga mchombo m'kansanza, ndinaumangirira mfundo pakona ya chitenje, ndinabereka mwana, tinanyamuka.

Kwawoko sitinapite tsiku limenelo. Lufeyo anati mvula yakokolola mlatho, tiyambe tadikira. Tinadikirira pamudzi wina wa m'mphepete mwa dambo, pamene anthu onse anali oumba njerwa ndipo ngakhale nkhuku zinali zofiira ndi fumbi. Mayi wina wa chipsera pachibwano anatipatsa kachipinda.

"Kwanu n'kuti?" anandifunsa.

"Tikupita," ndinatero.

"Onse ogona m'chipinda ichi amakhala akupita. Tenga chikombole."

Mayi ameneyo ndi amene anandiphunzitsa njerwa. Dothi labwino ndi la pachulu. Umaliponda mpaka pasakhale kabulumwa kokubaya kuphazi. Chikombole umayamba wachinyowetsa, apo ayi njerwa imatuluka yopanda makona. Yaiwisi suisiya padzuwa poyera, imang'aluka, umaifunditsa udzu ngati wodwala. Yopsa bwino ukaigogoda imalira, yosapsa imangoti phu. Ndinkaumba Edesi ali kumsana, mutu wake ukundigunda pakhosi ndikamawerama. Lufeyo ankati dothi limamutupitsa manja, ndiye iye ankapita kumsewu kukaitana ogula. Pakamwa anali napo. Ankachoka wapansi n'kubwera atakwera lole.

Lamlungu masana tinkakhala pamthunzi wa uvuni wozizira, iye n'kumajambula nyumba ija pansi. Ndinamufunsa ngati njerwa zake zimalira. Anati zimaimba.

Mlatho utakonzedwa, kwawo kunagwa maliro, ndipo anati mkazi watsopano safikira pamaliro. Tinakwera lole, pamwamba pa njerwa za eni, tinakatsikira m'tauni ina ya njanji, kumene sitima inkadutsa osaima. Mayi wotipatsa chipinda kumeneko analibe chipsera, koma anakhala pampando momwe ankakhalira uja, miyendo atatambasula, ndipo anafunsa zomwezo.

"Kwanu n'kuti?"

"Tikupita."

"Chiwaya uli nacho?"

Kumeneko ndinaphunzira mandazi. Mafuta umawayesa ndi kachidutswa ka ufa wokanda. Akatentha kwambiri mandazi amada kunja mkati musanapse, akapanda kutentha amamwa mafuta ngati chidakwa. Ndowa umaiphimba ndi nsalu, osati chivundikiro, kuti asachite thukuta. Aakulu umawaika pamwamba. Lufeyo ankagulitsa mankhwala a makoswe m'mabasi, ndipo anthu ankagula ngakhale amene kwawo kunalibe makoswe. Mphika umene amayi anandipatsa pochoka unasowa. Anati akuba. Ndinakauona kudepoti, mayi wina akuphikiramo chimanga, ndinauzindikira ndi khutu lake lopindika. Sindinafunse. Kufunsa sikukanabweza mphika.

Edesi anayamba kukwawa. Sankakwawira kwa ine, kapena kuchakudya. Ankakwawira kunjanji. Ndikamutembenuza ankazungulira ngati nyerere imene waitsekera njira ndi chala, n'kulunjikanso komweko. Mayi wa chipinda anamuyang'anitsitsa masiku angapo.

"Mwanayu mchombo munakwirira kuti?"

Ndinamuonetsa mfundo ija. Anagwira pakamwa.

"Ndiye iwe ukuyenda ndi kwawo kwa mwana pansalu. Nanga iye akhala pansi bwanji?"

Tsiku lomwelo ndinauza Lufeyo. "Bambo a Edesi, tiyeni tikakwirire, ngakhale tikangofika n'kubwerera."

Anatola kamtengo. Ulendo umenewu nyumba inali ndi machumuni awiri ndi thanki la madzi la pansi pa nthaka. "Ukufuna tikakwere masitepe amenewa ngati opempha?" anatero. "Dikira ndigule nsapato."

Kuyambira pamenepo ndikamachapa chitenje chija ndinkamasula mfundo, kansanza n'kukabisa m'kamisolo, nsalu ikauma n'kumangiriranso. Chitenje chikatha, mfundo inkasamukira pa china.

Kenako tinali m'minda ya tiyi. Sindikumbukira kuti tinafikako bwanji. Ndimangokumbukira nkhungu, ndi dengu lili kumsana pamene pankakhala mwana. Tiyi umathyola masamba awiri ndi kansonga, ndi manja onse awiri, n'kumaponya kumbuyo osacheuka. Tsamba lokhwima kapitawo amalitaya, nakuyang'ana. Edesi anali atayamba kuyenda, ndiye ndinkamumanga nsalu m'chiuno, mbali inayo n'kumangirira kumtengo wa m'malire ngati mbuzi. Sankalira. Ankangopita mpaka pamene nsalu yathera, n'kuima pomwepo, maso ali kumsewu.

Kumeneko wofunsa anali mayi wa mzere woyandikana ndi wanga.

"Kwanu n'kuti?"

"Tikupita."

"Upite msanga. Mimbayo yatsika."

Ndinali ndi ina. Inatuluka nthawi isanakwane, pakati pa mizere ya tiyi. Amayi okhaokha anakamuika kudambo, monga amachitira ndi mwana wosapuma, popanda nyimbo, popanda kulira. Ine anandiletsa kupita. Ndinagona pamphasa dzanja lili pamfundo, ndikuganiza kuti amene sanaone dzuwa wapeza dothi msanga kuposa mkulu wake amene akuyenda.

Lufeyo anali kumsika, poti nthawi imeneyo anali wolalikira. Atabwera analira, misozi yeniyeni, sindingamunamizire. Kenako anakhala pansi n'kuyamba kujambula ndi chala. Chipinda cha ana anachikulitsa. "Tidzachidzaza," anatero. Ndinamupempha kuti akamaliza asese.

Tauni yotsatira inali yaikulu, ndipo ndinkachapa pamalo ogona alendo. Magazi amachoka ndi madzi ozizira, otentha amawakhazikitsa. Zoyera umayanika padzuwa, zamitundu pamthunzi. Simbi ya makala umaiyesa ndi malovu, ndipo umaipukuta kunsi usanakhudze kolala ya munthu. M'matumba mwa alendo supisamo dzanja, umangogwedeza. M'tauni imeneyo panalibe mayi aliyense wondifunsa kwathu. Anthu a kumeneko safunsa. Wofunsa anali Edesi, amene tsopano ankalankhula.

"Amayi, kwathu n'kuti? Anzanga apita kwawo."

"Tikupita."

"Liti?"

Lufeyo anali woitanira minibasi, ndipo Edesi anazolowera depoti. Ndikangotembenuka kuti ndifinye nsalu, iye kulibe. Ndinkakamupeza atakhala pampando wa minibasi iliyonse imene yatsala pang'ono kudzaza, manja atapinda pamiyendo ngati munthu wodziwa kumene akupita. Tsiku lina sindinamupeze. Anabwera naye madzulo kondakitala wina, amene anamuzindikira atadutsa kale mlatho wa kunja kwa tauni. Anandipatsa mwana osanditukwana, anangoti, "Mayi, si onse amene amabweza."

Ndinadikira Lufeyo pakhomo, manja ali ndi thovu. "Bambo a Edesi, chaka chino mchombo ukulowa m'dothi. Kaya kwanu, kaya pansi pa bedi ili."

Sanatole kamtengo. Anayang'ana nsapato zake, poti tsopano anali nazo. "Denga likudontha mbali ya kum'mawa," anatero. "Ndipite ndikakonze. Mvula ikatha ndidzakutengani."

Anatenga bulangete. Mvula inatha. Ina inabwera, nayonso inatha.

Dzina la mudzi wake ankalitchula mosiyanasiyana, koma nyumba yokha ndinkaidziwa ngati chikhatho changa. Ndiye ndinapita kudepoti, ndinatola kamtengo, ndinaijambula pansi pamaso pa madalaivala. Dzanja linkayenda lokha.

Woyamba anati akuidziwa. Anatitsitsa pa boma lakale, la makoma okhuthala ndi timazenera ta zitsulo tam'mwamba. Edesi anathamangira pakhomo n'kucheuka. "Ndi pano?" Inali ndende ya nthawi ya azungu, munkanunkha mikodzo ya mbuzi. Wachiwiri anatitsitsa pa tchalitchi chakale cha njerwa zofiira. Mkulu wina amene ankasesa masamba anayang'ana chojambula changa nthawi yaitali. "Ya mizati yoyera? Mwana wanga, zonse zinali za mizati yoyera." Kwina tinapeza sitolo yakugwa, kwina maziko okhaokha anthu atabzalamo mpiru. Paliponse Edesi ankakwera masitepe n'kufunsa, "Ndi pano?" Pakati pa maulendowo ndinkachapa, kukazinga, kuumba, chilichonse chimene mudziwo unkafuna. Nyumba zakugwa zilipo zambiri m'dziko muno, ndipo zonse zimayang'ana kumsewu ngati zikudikira galimoto.

Tsiku lina tinali pakamsika ka m'tsinde mwa phiri. Panaima basi ya anthu a m'maofesi a m'tauni, amene anali paulendo wokaona malo akale. Anavala zipewa ndi magalasi akuda, aliyense ndi botolo la madzi m'manja. Dalaivala wawo anali akudya chimanga. Ndinajambula pafupi ndi tayala. Anayang'ana, kenako anawonjezera mzere ndi nsonga ya nsapato.

"Mwaiwala msewu wa bulugama," anatero. "Kwerani kumbuyo, tikupita komweko."

Basi inakwera chitunda pakati pa mitengo, ndipo mitengoyo ndinaidziwa. Inakaima pachipata chopanda chitseko. Pambali panali mayi wogulitsa nthochi. Pakati pa chipata panaima woonetsa alendo malo, malaya oyera ositidwa bwino, ndodo m'manja. Anali Lufeyo. Anali atanenepa pang'ono.

Ndinafunda chitenje kumutu, Edesi n'kumukokera kumbuyo kwanga. Ndinkafuna ndione kaye. Munthu sugula mbuzi ili m'thumba, ndipo ine ndinali nditagula kale kamodzi.

"Alendo athu, takulandirani," anatero Lufeyo. "Nyumba tiisiya kaye, zokoma amadya pomaliza."

Edesi anamva mawuwo, anatukula mutu. Ndinamutseka pakamwa.

Anatitsogolera kaye kumanda a azungu, a mpanda wa chitsulo chodzala dzimbiri. Anati ambiri anafa ndi malungo asanamere imvi, ndipo mmodzi anafa ndi njati imene iye ankati waipha. Alendo anaseka. Anatitengera ku zigafa za fodya, zimene zinatsala makoma okhaokha. Anationetsa mkuyu waukulu pamene kapitawo ankaitanira mayina a anthu a thangata, olimira mzungu popanda malipiro kuti asawathamangitse pamalo. Pamenepo anavula chipewa, mawu n'kutsitsa, ndipo mayi wina wa magalasi anapukuta m'maso. Mawu amenewo ndinkawadziwa. Ndi omwe ankalalikira nawo kumsika. Tinakwera mpaka kuphanga kumene anthu akale anajambula zinyama zofiira pamwala. Anati palibe amadziwa tanthauzo lake, kenako analifotokoza.

Potsiriza tinafika panyumba.

Zonse zinalipo. Masitepe analipo, khonde lozungulira, mizati, machumuni awiri, ngakhale thanki la pansi pa nthaka, lodzala madzi obiriwira ndi achule. Denga lokha kunalibe. Si kuti linkadontha mbali ya kum'mawa ayi. Kunalibe, ndipo mitengo imene inamera m'zipinda inali yaikulu kuposa ine ndi Lufeyo kuphatikiza zaka zathu. Mizati inali itasupuka. Makoma anali ndi mayina a anthu olembedwa ndi makala. Pansi panali ndowe za mbuzi ndi zitosi za mileme. Ndinatola njerwa imodzi, ndinaigogoda ndi mwala. Inalira. Njerwa zinali zabwino, pamenepo sananame.

"Masitepe awa," anatero Lufeyo kwa alendo, "ukakwera utasenza nkhuni, umakafika pamwamba utaiwala kuti unasenza."

Anaseka onse, pomwe ine ndinkasekera.

Tinalowa. Ndinkadziwa kumene akhotere asanakhote. Chipinda chodyera, chipinda cha dona, pomwe pankapachikidwa belu loitanira antchito. Za agogo ake sanatchule. Anati mzungu atapita, nyumba inakhala yopanda mwini, anthu n'kukanganula malata limodzilimodzi. Anafika mbali ya kum'mawa, anaima pakhomo lopanda chitseko. M'katimo munamera kachere, mizu yake itang'amba simenti.

"Imani apa," anauza mtsikana wina wa nsapato zoyera. "Ichi ndi chipinda cha ana. Dzuwa limayamba lapereka moni muno lisanapite kwa anthu ena."

Mtsikanayo anagwira pamtima. Ine ndinaiwala kugwira, ndipo Edesi anapulumuka. Anadutsa pakati pa miyendo ya anthu, anakagwira thalauza la bambo wake.

"Ababa, ndi pano?"

Lufeyo anayang'ana pansi. Nkhope yake sinasinthe. Anamusisita pamutu n'kumwetulira alendo. "Ana a kuno amandikonda," anatero. "Mwana wa ndani uyu? Mayi, tengani mwana wanu, muno muli njoka."

Ndinachotsa chitenje kumutu. Ndinamasula mfundo ndi mano, poti inali italimba. Sindinakweze mawu, anthu anali ambiri.

"Bambo a Edesi, khonde lija ndi ili. Ndionetseni pokumba."

Anandiyang'ana, anayang'ana kansanza kali m'dzanja langa. Kenako anabwera pafupi, analankhula motsitsa, mawu ake a pansi pa mthunzi wa uvuni aja.

"Mayi a Edesi, wafika. Ndimati ndibwere mwezi uno. Tiye."

Ananditsogolera pakhonde, pafupi ndi mzati wa pakona, pamene simenti inachoka n'kutsala dothi. Anandipatsa kampeni kake. "Kumba apa," anatero. "Apa ndi pomwe madzi a denga ankagwera."

Ndinagwada. Ndikuuzani zoona, mtima unakhala pansi. Ndinaganiza kuti nyumba yopanda denga ndi nyumba ndithu, njerwa zilipo, manja ndili nawo, chipinda chimodzi ndikhoza kufolera ndekha udzu ukakhwima. Ndinali nditayamba kale kuona pomwe ndingaike mafuwa. Dothi linali lofewa, lakuda. Edesi ananjuta pambali panga n'kumachotsa timiyala.

Ndipamene ndinamva mawu ake akukwera kumbuyo kwanga.

"Alendo athu, lero muli ndi mwayi, zimenezi sizichitika tsiku lililonse. Amayi a m'midzi yozungulira kuno amakhulupirira kuti khonde ili lili ndi madalitso, ndiye amabwera kudzakwirira michombo ya ana awo. Ndi mwambo wa makolo. Fikani pafupi. Jambulani, musaope, mayiwa ndawapempha kale."

Mithunzi inandizungulira. Nditatukula maso ndinaona mafoni okhaokha.

"Agogo anga ankachita zimenezi," anatero bambo wina. "Sindinkadziwa kuti zikadalipo."

"Amayi, tatembenukani pang'ono, nkhope sikuoneka," anatero mayi wa magalasi uja. "Tsegulani dzanja tione kuti kamaoneka bwanji."

Sindinatsegule. Ndinayang'ana Lufeyo. Anandigwedezera mutu pang'ono, monga ankachitira pouza dalaivala kuti minibasi yadzaza, inyamuke. Ndinaweramira padzenje mpaka chifuwa chinaliphimba. Kansanza ndinakalowetsa m'kamisolo, m'dzenjemo ndinaika chibakera chopanda kanthu, ndinakwirira, ndinatsendera ndi chikhatho. Anaomba m'manja. Ndinasiya kampeni pamwamba pa dothi, ndinagwira Edesi padzanja, tinatsika masitepe.

"Dikira pachipata," Lufeyo ananong'ona ndikumudutsa. "Ndimalize ndi alendowa."

Pachipata mayi wa nthochi anali atayimirira. Khonde linkaonekera bwino pamene anali. Anali wamkulu kwa ine, wa mapewa otakata, munthu wolima.

"Simunakwirire," anatero.

"Inu ndinu ndani?"

"Ndine Nangondo. Ndine amene ndimasita malaya wavalawo." Anayang'ana Edesi kuchokera kumutu mpaka kumapazi. "Mphumi ndi yomweyo. Anga ali nayo onse. Wamkulu akumeta kale ndevu."

Ndinakhala pamwala. "Nyumbayi ndi ya ndani?"

"Ya mileme."

"Nanga malo?"

"A chitundachi ndi a boma. Kutsidya kwa mtsinje uko ndi kwathu, kwa amayi anga. Iyeyu ndi mkamwini. Anafika ndi kathumba kamodzi, amalume anamuonetsa pomanga, basi. Alibe ngakhale pokhomera chikhomo cha mbuzi. Kuonetsa alendo anayamba tisanakwatirane. Amati akatopa n'kusowa zaka, ndiye amabwera ndi bulangete lachilendo."

"Kwawo kwenikweni n'kuti?"

Nangondo anaseka pang'ono, osatsegula pakamwa. "Ine anandiuza kuti ndi kumpoto. Akuti kuli nyumba yaikulu."

M'nyumba muja alendo anasekanso. Nangondo anathyola nthochi, anasenda, anapatsa Edesi.

"Tamverani, amnzanga," anatero. "Ine sindikukondani, ndipo sindinama kuti ndidzakukondani. Koma mwana alibe mlandu. Kuseri kwa khola langa kuli malo. Mukwirire pamenepo, mumange kanyumba, muzindithandiza kumunda. Manja anuwo ndawaona, si a ulesi."

Sindinakane msanga. Ndinayang'ana kutsidyako. Dothi linali lofiira bwino, chimanga chinali chobiriwira, mtsinje unali pafupi, ndipo chulu ndinachiona. Mwana akanadya. Sukulu inkaoneka denga lake kuseri kwa nthochi. Ndakhala malo oipa kuposa kuseri kwa khola.

"Akadzakula," ndinafunsa, "anthu akadzamufunsa kwawo, adzati kuti?"

"Adzati kwa Nangondo."

"Nanga inu mukadzapita, ana anu aakazi akamadzagawana minda?"

Sanandinamize. Anangoyang'ana nthochi zake. Ndinamuthokoza ndi manja awiri, iye n'kuika phava lonse m'chitenje changa.

Tinatsika msewu wa bulugama wapansi. Ndinamva Lufeyo akuitana kuchokera pamasitepe, koma ankaitana kuti "mayi", ngati woitana munthu amene waiwala ambulera. Edesi anacheuka kawiri. Ine ndinali ndikumanganso mfundo.

Kumsewu waukulu tinaimitsa lole ya matumba a chimanga. Dalaivala anatulutsa mutu. "Mukutsikira kuti?"

Ndinatchula mudzi wa amayi. Dzinalo linatuluka lolemera, linali litakhalitsa osagwiritsidwa ntchito. Anati adutsa pafupi, kotsalako tikayende. Tinakwera pamwamba pa matumba.

Munda anapatsa mng'ono wanga, zimenezo ndikudziwa, ndipo sindikaupempha. Amalume akandikhazika pansi, akazi a pachitsime akandiyang'ana, ena akafunsa kuti nyumba ya mizati ili bwanji. Ndikayankha. Chimene ndikukapempha n'chaching'ono, malo okwana chikhatho pakhonde la amayi, ndipo khonde palibe amene analigawa.

Edesi anali atayimirira, akuyang'ana magalimoto otidutsa. Ndinamukhazika pansi pakati pa miyendo yanga.

"Tamvera. Tikakafika ukagwade. Ukaombe m'manja chonchi, osati ngati anthu a mafoni aja. Akakufunsa dzina ukanene mokweza. Akakupatsa chakudya ukalandire ndi manja awiri, ngakhale chikhale chimene sukonda. Za abambo ako ukasiyire ine."

Anayeserera kuomba m'manja, ndinamukonza zala. Anayesanso.

"Amayi, kumeneko kuli nyumba yaikulu?"

"Ayi. Yaing'ono."

"Ili ndi masitepe?"

"Ilibe. Ili ndi denga."